Chimene Chimafiiritsa Maso M'damu Losambiramo

Nkhaniyi iyambira ku Brazil.

Lachiwiri pa 9 Ogasiti 2016, anthu amene ankaonera masewera a Olympics mumzinda wa Rio de Janeiro anagwira pakamwa. Damu la akatswiri odumphira m'madzi pa Maria Lenk Aquatics Centre, lomwe dzulo lake linali loyera mpaka pansi kumaoneka, linali litasanduka biriwiri ngati chithaphwi cha ndere. Tsiku lotsatira damu loyandikana nalo, mmene ankaseweramo mpira wa m'madzi, linayambanso kusintha mtundu. Oyang'anira anathamangira kuwonjezera mankhwala, ndipo osewera anayamba kudandaula kuti maso akuwawa. Tony Azevedo, kaputeni wa timu ya United States, anauza atolankhani kuti chakumapeto kwa masewera ankalephera ngakhale kutsegula maso.

Patapita masiku angapo okonza masewerawo anafotokoza gwero lake. Iwo anati wogwira ntchito wina anathira malita 80 a hydrogen peroxide m'damu lililonse mwa awiriwo. Mankhwalawa nawonso amayeretsa madzi, koma akakumana ndi klorini amamutha mphamvu. Klorini atafooka, zamoyo ting'onoting'ono tinapeza danga. Mapeto ake anapopa madzi okwana malita pafupifupi 3.7 miliyoni kuchotsa m'damu lalikulu, n'kuthiramo ena, kuti mpikisano wa osambira movina uyambe pa nthawi yake.

Apa panali ndalama, makina amakono ndi akatswiri a dziko lonse lapansi. Komabe mankhwala awiri abwinobwino, atathiridwa ndi manja osafunsana, anawononga madzi ndi kupweteka maso a anthu. Zimene zinachitika ku Rio zingathe kuchitika pa loji ya ku Mangochi, pa sukulu ya ku Lusaka, kapena kuseri kwa nyumba ya ku Johannesburg kumene mnyamata wochokera ku Mzimba amasamala maluwa ndi damu lomwe. Munthu akatuluka m'madzi maso ali psuu, anthu amafulumira kunena kuti klorini wachuluka. Nthawi zambiri mlanduwo si wa klorini. Ndi wa zimene osambira alowa nazo m'madzi, za woyang'anira amene sanayeze, ndi za kachipinda kosungiramo mankhwala.

Ufa wodziwika kale

Klorini si mlendo kwa aliyense amene anaona kolera. Pa mliri umene unayamba mu Malichi 2022 m'boma la Machinga n'kupha anthu oposa 1,700 m'Malawi, alangizi a zaumoyo ankayenda m'midzi ndi madzi a klorini osungunula kuchokera ku ufa woyera wa HTH, kuti mabanja athire m'ndowa za madzi akumwa. Ufa umenewo, womwe dzina lake la sayansi ndi calcium hypochlorite, ndi womwewo umene umathiridwa m'madamu ambiri osambiramo. Mbale wake ndi sodium hypochlorite, amene ali m'botolo la JIK ndi la WaterGuard. Kusiyana kwake ndi mphamvu. M'botolo la JIK wamba muli klorini wokwana pafupifupi magawo 3.5 pa 100 alionse, pomwe mu ufa wa m'damu muli magawo 65 mpaka 70.

Amene anayamba kupatula mpweya wa klorini anali Carl Wilhelm Scheele wa ku Sweden mu 1774, ndipo Humphry Davy wa ku England anaupatsa dzina mu 1810 potengera mawu a Chigiriki otanthauza mtundu wobiriwira motuwa. Mu 1908 mzinda wa Jersey City ku America unayamba kuthira klorini m'madzi akumwa tsiku ndi tsiku, ndipo mizinda imene inatsatira njirayi inaona matenda a typhoid akuchepa kwambiri. Koma mu Epulo 1915, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mpweya womwewo unatulutsidwa ngati chida pafupi ndi Ypres ku Belgium, ndipo asilikali ankafa mobanika m'ngalande zawo. Mankhwala ndi amodzi. Chimene chinasiyanitsa Jersey City ndi Ypres ndi kuchuluka kwake ndi malo amene anafikira, m'madzi kapena m'mapapo.

Manambala awiri

Klorini akalowa m'madzi amasanduka asidi wofatsa wotchedwa hypochlorous acid. Ameneyu ndiye msilikali weniweni. Amaboola khungu la tizilombo n'kuwononga za m'kati mwake. Bungwe loona za matenda la ku America, CDC, limalangiza kuti m'damu musamachepere miligalamu 1 ya klorini womasuka pa lita iliyonse, ndipo m'mabafa otentha a m'mahotela, mmene kutentha kumatha mankhwala msanga, musamachepere mamiligalamu 3. Pa mlingo wa miligalamu 1 pa lita kachilombo ka E. coli kamafa pasanathe mphindi imodzi, ka matenda a chiwindi a hepatitis A pa mphindi pafupifupi 16, ndipo Giardia pa mphindi pafupifupi 45. Pali kamodzi kouma mutu, Cryptosporidium, koyambitsa kutsegula m'mimba, kamene kamatha kukhala ndi moyo m'madzi osamalidwa bwino kwa masiku oposa 7. N'chifukwa chake munthu wotsegula m'mimba sayenera kulowa m'damu, ngakhale madziwo akhale oyera bwanji.

Nambala yachiwiri ndi pH, muyeso wosonyeza ngati madzi apendekera ku asidi kapena ku soda. Mayi aliyense wophika amazidziwa mbali ziwirizi. Mandimu ndi bwemba zili mbali ya asidi, kumunsi kwa sikelo. Chidulo ndi soda wophikira therere zili mbali inayo, kumtunda. Pakatikati ndi pa 7. Madzi a m'damu amayenera kukhala pakati pa 7.2 ndi 7.8, ndipo misozi ya munthu imakhala chapafupi ndi 7.4. Madzi akatalikira kumene kuli misozi, diso limamva msanga kuposa chiwalo china chilichonse.

Muyesowu umalamuliranso mphamvu ya klorini. Pa pH 7.5, pafupifupi theka la klorini limakhala mu mtundu wamphamvu uja. Pa pH 8 limatsala gawo limodzi mwa anayi. Woyang'anira amene sayeza pH angathe kumathira ufa m'mawa uliwonse, ndalama n'kumatha, koma tizilombo tili phee.

Kuopsa kosayeza madzi kunaonekera m'chigawo cha Nebraska ku America pa Khirisimasi ya 2006. Anthu 24 amene anasambira kapena kukhala pafupi ndi damu la m'nyumba pa malo ena ogona alendo anadwala: maso kuwotcha, kukhosi kupweteka, chifuwa. Mnyamata wa zaka 6 anagonekedwa m'chipinda cha odwala mwakayakaya chifukwa kummero kunatupa. A zaumoyo atayeza madziwo anapeza pH ili pa 3.95, kuwawasa kofanana ndi madzi a malalanje. Popeza sitepe iliyonse pa sikeloyi imasiyana ndi inzake kakhumi, asidi anali wochuluka koposa ka 1,000 poyerekeza ndi mlingo woyenera. Klorini womasuka anali pa 0.8 chabe, wochepa osati wochuluka. Chokupizira mpweya cha kudenga chinali chozimitsa, ndipo woyang'anira damu analibe umboni woti anaphunzitsidwapo ntchitoyo.

Fungo limene anthu amalikhulupirira

M'madzi a ku Nebraska aja munali chinthu chinanso chochuluka kwambiri, ma chloramine, ndipo amenewa ndiwo mutu wa nkhani ya maso ofiira.

Munthu aliyense wolowa m'damu amalowa ndi katundu. Pathupi pali thukuta, fumbi la panjira, mafuta odzola, perefyumu, ndi zotsalira za kuchimbudzi. Ena amawonjezera mkodzo. M'thukuta ndi mumkodzo muli nitrogen, ndipo klorini akakumana naye amagwirana n'kupanga ma chloramine. Apa pamatayika zinthu ziwiri nthawi imodzi. Klorini amene wagwidwa sathanso kupha tizilombo mwamsanga, ndipo chimene chapangidwacho chimaluma maso, mphuno ndi khungu. Woipitsitsa pa gululi ndi trichloramine, amene sakhazikika m'madzi. Amatuluka ngati mpweya, ndipo chifukwa ndi wolemera kuposa mpweya wamba amayandama pamwamba penipeni pa madzi, pamene pali nkhope ya wosambira.

Fungo lamphamvu limene limalonjera munthu pakhomo la damu, limene ambiri amalitenga ngati chizindikiro cha ukhondo, ndi la trichloramine. Damu losamalidwa bwino silinunkha kwenikweni. Fungo likakula, ndiye kuti klorini watanganidwa ndi litsiro la anthu.

Kodi mkodzowo umachuluka bwanji? Mu 2017 akatswiri a pa University of Alberta ku Canada, motsogozedwa ndi Xing-Fang Li, anapeza njira yowerengera. Anatsata chotsekemeretsa chotchedwa acesulfame potassium, chomwe chili m'zakumwa ndi zakudya zambiri za m'sitolo, ndipo chimadutsa m'thupi n'kutuluka mumkodzo osasintha. Anayeza madamu ndi mabafa otentha 31 m'mizinda iwiri, ndipo anachipeza mu onse 31. Pa damu lina la malita 830,000 anawerengera kuti munali mkodzo wokwana malita 75. Pa lina la malita 420,000 anapeza malita 30. Malita 75 ndi zigubu za malita 20 zitatu zodzaza, china n'kutsala pang'ono kudzaza.

Madamu a m'nyumba, ofala m'maiko ozizira monga Britain kumene ana a mabanja ambiri ochokera kuno amaphunzira kusambira, ndiwo amavutika kwambiri ndi mpweya umenewu. M'chigawo cha Ohio ku America, malo ena aakulu osewerera m'madzi anatsegulidwa mu Disembala 2006, ndipo pofika mu Malichi 2007 a zaumoyo anali atalandira madandaulo 665 a maso ndi kupuma, ochokera kwa alendo ndi kwa opulumutsa anthu m'madzi amene ankakhala mmenemo tsiku lonse. Ofufuza anapeza kuti mapaipi olowetsa ndi kutulutsa mpweya anali m'mwamba kwambiri, mwakuti mpweya wa pamwamba pa madzi sunkasuntha. Atakonza kayendedwe ka mpweyawo, madandaulo anatha.

Damu la panja limathandizidwa ndi mphepo, koma lili ndi mdani wake, dzuwa. Kuwala kwa dzuwa kumaphwanya klorini, ndipo pa tsiku lotentha la mu Okutobala gawo lalikulu limatha pa maola ochepa. Pofuna kumuteteza amathiramo cyanuric acid, amene ali kale m'mapiritsi a trichlor oikidwa m'kabotolo koyandama. Mankhwala otetezawa sauluka. Amaunjikana mwezi ndi mwezi, ndipo akachuluka amachititsa klorini ulesi. Njira yowachepetsera ndi kutaya gawo la madzi n'kuthiramo atsopano. Nawo madamu amene amatchedwa a mchere sanathawe klorini: makina awo amagwiritsa ntchito magetsi kupanga klorini kuchokera ku mcherewo, choncho kuyeza kumafunika chimodzimodzi.

Mankhwala otsika mtengo kuposa onse ndi shawa. Kudzitsira madzi kwa mphindi imodzi munthu asanalowe m'damu kumachotsa litsiro lochuluka la pathupi. Ana aang'ono azitulutsidwa ola lililonse kupita kuchimbudzi, ndipo matewera azisinthidwira kutali ndi madzi.

Diso

Pamwamba pa diso pali kansalu kopyapyala ka misozi kokhala ndi mafuta, madzi ndi mamina oterera. Kansaluka ndi kamene kamachititsa kuti chikope chiziyenda bwino, ndipo kamatchinga tizilombo. Madzi a m'damu amakatsuka. Ma chloramine akafika pa diso lopanda chitetezo, timitsempha ta magazi timatupa, diso n'kufiira. Madzi opanda mchere amalowanso pang'ono m'galasi la kutsogolo kwa diso n'kulitupitsa, n'chifukwa chake wosambira nthawi yaitali amaona ngati kuli nkhungu, kapena amaona mkombero kuzungulira nyali madzulo.

Kufiira kotereku kumagwira maso onse awiri, kumayamba nthawi yomweyo, ndipo kumatha pa maola angapo, makamaka munthu akasukusula ndi madzi oyera. Magalasi osambirira okwana bwino pankhope amaletsa vutoli pafupifupi lonse.

Pali kufiira kwina kosiyana ndi kumeneku. Kumabwera patapita masiku, nthawi zambiri kumayamba diso limodzi, kumatulutsa manthongo, ndipo mwana amatha kutentha thupi ndi kumva zilonda kukhosi. Awa ndi matenda, kawirikawiri a kachilombo ka adenovirus, ndipo amafala m'madamu mmene klorini wachepa. Mwini damu amene amva alendo akudandaula za maso n'kulamula kuti ufa uchepetsedwe, osayeza kaye, angathe kuchotsa vuto la maola atatu n'kubweretsa la masabata awiri.

Ovala ma contact lens, timagalasi tokhala pa diso penipeni, ali pa ngozi yapadera. M'madzi ndi m'dothi mumakhala kachilombo kotchedwa Acanthamoeba, kamene kakadzitsekera m'chikamba chake sikaopa klorini wa m'damu. Kakapanikizika pakati pa kagalasi ndi diso kamatha kulowa m'galasi la diso n'kuyambitsa chilonda chopweteka koopsa, chovuta kuchiza, chimene chimatha kuchititsa khungu. Matendawa ndi osowa, koma ambiri mwa amene amawadwala ndi ovala timagalasi timeneti. Madokotala a maso amalangiza kutivula munthu asanalowe m'madzi alionse.

Diso likapitirira kupweteka tsiku lathunthu, likamaopa kuwala, likamaona mwachimbuuzi, kapena pakaoneka kadontho koyera pa mboni, nthawi yodikira yatha. Munthuyo apite kuchipatala.

Khungu ndi tsitsi

Khungu nalo lili ndi mafuta ake achibadwa, ndipo klorini amawasungunula monga sopo amachitira ndi mafuta a m'mbale. Pa khungu lakuda zotsatira zake sizibisika: miyendo ndi zigongono zimatuwa mbuu, ndipo nthawi zina zimayabwa. Ana amene ali kale ndi vuto la khungu louma ndi loyabwa amamva kwambiri. Chithandizo chake chili m'nyumba zambiri. Munthu asambe ndi madzi oyera akangotuluka, avule chovala chonyowacho, adzipukute mosakhula, kenako adzole Vaseline, glycerine kapena mafuta ena khungu lisanaumiretu. Anthu achialubino, amene khungu lawo limapsa msanga ndi dzuwa, akumbukire kuti mafuta oteteza ku dzuwa amasukuluka m'madzi, ndipo ayenera kudzolanso akatuluka.

Zotupa zina si za mankhwala ayi. Tiziphuphu tofiira toyabwa totuluka patatha tsiku limodzi kapena awiri, makamaka pamene chovala chosambira chinagwira thupi, kawirikawiri timayamba ndi kachilombo ka Pseudomonas aeruginosa. Kamakonda madzi ofunda opanda klorini wokwanira, ndipo kamayambitsanso kupweteka kwa m'khutu mwa osambira. Apanso cholakwa ndi kuchepa kwa mankhwala.

Tsitsi lowongola ndi mankhwala kapena lopaka utoto limakhala lofooka kale, ndipo madzi a m'damu amaliumitsa mpaka kuthothoka. Kulinyowetsa ndi madzi a pampopi munthu asanalowe kumathandiza, chifukwa tsitsi lokhuta madzi silimwanso ena ambiri. Alendo a tsitsi loyera amene amadandaula kuti lasanduka lobiriwira amanamizira klorini. Chimene chimalipaka mtunduwo ndi kopa wochokera ku mankhwala ophera ndere kapena ku mapaipi odyeka ndi asidi.

Kachipinda ka kuseri

Zonse zanenedwazi zimachitika pa miligalamu imodzi kapena zitatu pa lita. Munthu amene amatsegula chidebe cha ufa amakumana ndi mankhwala omwewo ali ndi mphamvu zake zonse. Alendo samuona kawirikawiri. Amabwera mbandakucha, ali ndi ndowa ndi kapu, ndipo m'nyumba zambiri za ku Johannesburg, Pretoria ndi Cape Town munthu ameneyu ndi wa m'munda, nthawi zina wochokera ku Malawi kapena ku Zimbabwe, amene anangolozeredwa chidebe tsiku loyamba n'kuuzidwa makapu oti azithira.

Ku America, kumene amasunga chiwerengero cha ngozi zoterezi, CDC inapeza kuti pakati pa 2008 ndi 2017 anthu pafupifupi 4,500 chaka chilichonse ankathamangira nawo kuchipatala atavulala ndi mankhwala a m'damu. M'zaka za 2015 mpaka 2017, oposa gawo limodzi mwa atatu anali ana osakwana zaka 18, ndipo ngozi zoposa theka zinachitikira pakhomo, osati pa hotela. Ambiri anapuma mpweya kapena fumbi la mankhwala, mwachitsanzo pongotsegula chidebe.

M'kachipinda kosungiramo mankhwala muli adani awiri amene amagona moyandikana: ufa wa klorini ndi asidi wotsitsira pH, amene kawirikawiri ndi hydrochloric acid. Aliyense payekha m'madzi ambiri amagwira ntchito yabwino. Akakumana okhaokha amatulutsa mpweya wa klorini, womwe uja wa ku Ypres. Mpweyawu umalemera kuposa mpweya wamba kawiri ndi theka, choncho umakwawa pansi, umadzaza maenje a mapampu, ndipo umayamba kupeza ana chifukwa ndi aafupi. Ukafika pa chinyezi cha m'maso ndi m'mapapo umasanduka asidi pomwepo.

Pa 23 Malichi 2022 izi zinachitika pa London Aquatics Centre, damu limene linamangidwira masewera a Olympics a 2012. Pa nthawi yotsitsa mankhwala m'galimoto, mankhwala anasakanikirana ndipo mpweya wa klorini unafalikira m'nyumbamo. Anthu pafupifupi 200 anatulutsidwa, ndipo 29 anapita nawo kuchipatala akuvutika kupuma. Ngozi yofanana nayo, yaing'ono koma yofala, imachitika pampu ikazima pomwe makina othira mankhwala akugwirabe ntchito. Klorini ndi asidi amaunjikana m'paipi, ndipo pampu ikayakanso imalavulira mpweyawo m'damu. Kumene magetsi amazimazima, lamulo liyenera kukhala lakuti pampu ikamayatsidwanso m'madzi musakhale munthu.

Mitundu iwiri ya klorini nayonso simvana. Ufa wa calcium hypochlorite ukasakanizidwa ndi mapiritsi a trichlor, ngakhale pogwiritsa ntchito kapu imodzi yonyowa, ungathe kutentha, kuyaka, ngakhale kuphulika. Ukakhudzana ndi petulo, oyilo, feteleza kapena utuchi ungathenso kubutsa moto, ndipo zimenezi ndi zinthu zimene zimasungidwa m'kachipinda ka zida za m'munda. Ngakhale madzi ochepa ndi oopsa. Pa 29 Seputembala 2024, pa fakitale ya mankhwala a m'madamu mumzinda wa Conyers m'chigawo cha Georgia ku America, madzi anafika pa mankhwala osungidwa, ndipo moto ndi utsi zimene zinatsatira zinachititsa kuti anthu pafupifupi 17,000 asamutsidwe, enanso zikwi makumi ambiri auzidwe kudzitsekera m'nyumba.

Pamenepa m'pamene pachokera lamulo lakale la ntchitoyi: mankhwala ndiwo amathiridwa m'madzi, madzi sathiridwa m'mankhwala. Madzi ambiri amameza kutentha. Madzi ochepa pa mulu wa ufa amawira n'kuthovukira kumaso. Chidebe chizitsegulidwa panja, nkhope italoza kumbali, mphepo ikuchokera kumsana. Mankhwala alionse akhale ndi kapu yake youma. Asidi asungidwe pansi ndiponso patali ndi ufa, osati pa shelefu ya pamwamba pake. Chipinda chikhale chouma, chopita mphepo, chokiya. Mankhwala asatsanuliridwe m'botolo la zakumwa, chifukwa mwana sawerenga, amangoona botolo la Fanta.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma wantchito sangafunse kwa chidebe cholembedwa m'chinenero chimene sachimva. Udindo womufotokozera ndi wa bwana, pamodzi ndi kumugulira magolovesi a labala, magalasi otchinga maso mbali zonse, nsapato zotseka ndi chotchinga pamphuno. Zonsezi pamodzi mtengo wake sufika pa ndalama zimene damu limadya pa mankhwala m'miyezi yochepa.

Mphindi zoyamba ngozi ikachitika

Ufa kapena asidi akagwera m'diso, chimene chimapulumutsa diso ndi madzi oyera ambiri, nthawi yomweyo. Wovulalayo apendeketse mutu kuti diso lovulala likhale m'munsi, mnzake amutsegule zikope ndi zala, madzi a pampopi kapena a m'jagi aziyenda kuchokera cha kumphuno kupita cha kukhutu kwa mphindi zosachepera 15 mpaka 20. Mphindi zimenezi zimatalika kwa munthu amene akumva ululu, choncho wina ayang'ane wotchi. Ngati wavala ma contact lens, achotsedwe madzi akuyenda. Asatikite. Kutsuka kuyambe galimoto isanafunidwe, ndipo popita kuchipatala atenge chidebe kapena chithunzi cha chizindikiro chake. Ufa wa klorini uli mbali ya soda, ndipo mankhwala a mbali imeneyi amalowerera m'diso mozama kuposa asidi, mwakuti diso looneka ngati lapola lingathe kukhala likuwonongeka m'kati.

M'diso lotere musalowe china chilichonse: mkaka wa m'mawere, madzi a shuga, madzi a masamba, kapena mankhwala a maso otsala a munthu wina. Kafukufuku amene Paul Courtright, Susan Lewallen ndi anzawo anachita m'Malawi, wofalitsidwa mu 1994, anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa odwala atatu a zilonda za pa galasi la diso anali atathiramo kale mankhwala achikuda asanafike kuchipatala. Diso lopsa ndi mankhwala lili ngati bala lotseguka, ndipo chilichonse chosaphitsa chimalowetsamo tizilombo. Asidi sathetsedwa ndi soda m'diso, ndipo soda sathetsedwa ndi mandimu. Zipatala za maso zilipo, monga pa Queen Elizabeth ku Blantyre, pa Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Nkhoma, koma chipatala chilichonse chapafupi chingathe kupitiriza kutsuka ndi kutumiza wodwala koyenera.

Pakhungu, ufa wouma uyambe wasansidwa, zovala zivulidwe, kenako madzi ayende kwa mphindi 15. Wopuma mpweya wa klorini atulutsidwe kupita kumene kukuchokera mphepo ndiponso pamalo okwera, akhale tsonga, ndipo apite kuchipatala ngakhale atayamba kumva bwino, chifukwa mapapo amatha kudzaza madzi patapita maola. Womupulumutsa asalowe m'kachipinda kodzaza mpweya popanda chodzitetezera. Womwa mankhwala asasanzitsidwe, popeza chimene chawotcha polowa chimawotchanso potuluka.

Kabuku ka pambali pa damu

Kuyeza madzi kumatenga mphindi zosakwana zisanu. Woyang'anira amatunga madzi m'kabotolo, mkono utamira mpaka m'chigongono, kutali ndi paipi yobwezera madzi. M'chigawo chimodzi amaponyamo piritsi la DPD, madzi n'kusanduka pinki molingana ndi klorini womasuka. M'chigawo china amadonthezamo phenol red, amene amapita ku chikasu asidi akachuluka, ndi ku kufiira kodera pH ikakwera. Piritsi lina limasonyeza klorini yense, ndipo kusiyana kwa manambala awiriwo ndiwo ma chloramine. Ku Nebraska malire ovomerezeka anali 0.5, koma damu lija linali pa 4.2. Damu la anthu ambiri liyenera kuyezedwa kosachepera kawiri pa tsiku, ndipo Loweruka lotentha, ana akadzaza, kuposa pamenepo. Zotsatira zilembedwe m'kabuku, pamodzi ndi ola ndi dzina la woyeza.

Kholo lofika ndi ana pa loji lingathe kudziyezera zina popanda chipangizo. Liime m'mphepete n'kuyang'ana ngati chotsekera cha pansi, kumbali yozama, chikuoneka bwinobwino. Ligwire matailosi a m'mbali kuti limve ngati akuterera. Limvetsere ngati pampu ikulira. Linunkhize. Kenako lingathe kufunsa wantchito mwaulemu kuti, "Achimwene, madziwa mwayeza nthawi yanji lero, ndipo mwapeza manambala anji?" Pa malo osamalidwa bwino wantchitoyo amapita kukatenga kabuku, n'kuloza mzere wa m'mawa umenewo: klorini pakati pa 1 ndi 3, pH pakati pa 7.2 ndi 7.8. Akatero, ana apite kaye ku shawa ndi kuchimbudzi, avale magalasi awo, alowe m'madzi.